A Vernon Kubiak, Amene Dziko Linkawadziwira Kumbuyo

Kwathu ku Van Nuys kunali munthu mmodzi yekha amene matako ake anatchuka kuposa nkhope yake, ndipo munthuyo anali malemu a Vernon Kubiak. Mlendo akalowa mu lesitilanti ya mayi Consuelo, a Vernon ankamupatsa moni mwaulemu wonse, kenako n'kumufunsa ngati amaonera mafilimu. Akangoti eya, basi wagwa m'mbuna.

"Ndiye kuti mumandidziwa," ankatero a Vernon.

"Pepani bambo, nkhope yanu sindikuikumbuka."

"Nkhope ayi, nkhope simungaidziwe. Taonani bwinobwino."

Akatero ankatembenuka, n'kukweza jekete pang'ono, n'kuima nji kudikira kuti mlendoyo akumbuke. Thalauza sankavula, chifukwa mayi Consuelo anawalumbirira kalekale kuti tsiku limene adzamasule lamba m'nyumba mwawo, adzawathira khofi wotentha pamalo pomwepo pamene pamawadyetsa.

Mafilimu ake mukuwadziwa, musadziyeretse. Aja a anyamata a bandi, tsitsi lofika m'chiuno, magitala olira ngati nkhumba ikuphedwa. Afika mu hotela, mowa ukuyenda ngati madzi, atsikana akulowera pawindo, wailesi yakanema yaponyedwa kuchokera pansanjika yapamwamba. M'filimu iliyonse yotere sipalephera malo amene woimba wamkulu, ataledzera mpaka kuiwala dzina lake, amatuluka m'chipinda ali buno bwamuswe, kuthamanga kolido yonse, gogo wina atagwira pakamwa, n'kukadziponya m'dziwe losambiramo. Anthu m'holo amaseka mpaka kutaya mbuliwuli. Koma akatswiri a mafilimuwo, ena anali amanyazi, ena maloya awo ankakana, ndipo ambiri, tinene zoona, kumbuyoko kunali thabwa lokhalokha. Ndiye kamera ikazungulira kumbuyo, katswiri ankapita kukakhala pamthunzi, a Vernon n'kuvala wigi, n'kuvula zina zonse.

Zida zawo za ntchito ankazisamala koopsa. Chikwama sankaika m'thumba lakumbuyo. Tsiku lojambula ankadya ataimirira kuopa kuti mpando ungawasiyire mizere. Masana ankagona chafufumimba padenga la nyumba yawo kuti dzuwa liwotche mofanana, moti oyendetsa ndege zing'onozing'ono ankati akangoona pakuwala padengapo amadziwa kuti bwalo lotera layandikira. Ndipo munthu ameneyu, amene anathera moyo wake m'maphwando osasimbika, mowa sanaulawepo. Wa m'filimu uja unkakhala madzi a maapozi, ufa woyera wozunguza bongo umene oimba ankakokera m'mphuno unkakhala mkaka waufa. Iwo ankamwa mkaka wofunda, kugona dzuwa likangolowa, ndipo Lamulungu ankaimba besi mu kwaya ataima mzere wakumbuyo.

Tsiku lina anapita kuchipatala atalumidwa ndi tsekwe. Tsekweyo anali wa m'filimu momwemo, anamubweretsa kuti aziyendayenda pakati pa oledzera, koma palibe anamuuza kuti wothamanga mbulanda uja ndi wantchito mnzake. Namwino atangotsitsa kabudula wa a Vernon, jakisoni ali m'manja, anaima kakasi.

"Mayo ine! Rex Halvorsen!"

Rex Halvorsen anali katswiri amene akazi a m'dziko muno ankamufera, ndipo m'mafilimu ake onse, chakumbuyo kuyambira m'chiuno kutsika, anali a Vernon.

"Bayani kaye, mayi, tikambirana bwino," anatero a Vernon ali chiweramire.

Namwinoyo anakaitana anzake awiri kuti adzaone okha. A Vernon anabwera ku lesitilanti akutsimphina koma mano onse ali pamtunda. "Mayi Consuelo, ndithirireni mkaka. Lero ndazindikiridwa pagulu." Ankanenanso, atatsitsa mawu, kuti mkazi wachiwiri wa Rex anamuthawa mwezi usanathe, ataona kuti katundu amene anamuona pakanema si amene anakamupeza kunyumba. Ngati zinali zoona sitikudziwa, koma ife tinkazikhulupirira ndi mtima wonse.

Ife tinkangoseka. Amene ankadziwa chimene chinali pansi pa nthabwalazo anali mayi Consuelo Barragan okha, mwini lesitilanti ya pakona ija, mayi wamasiye wa pakamwa pakuthwa amene ankakazinga mazira ndi mapanikeke kuyambira m'bandakucha. A Vernon anawauza m'mawa wina kukugwa mvula, muli mipando yokhayokha. Filimu yawo yoyamba itatuluka, analembera mayi awo kwawo ku Toledo kuti mwana wanu tsopano ali pakanema. Mayiwo anasonkhanitsa amayi onse a kutchalitchi, atavala zipewa zawo za Lamulungu, n'kupita nawo kukaonera. Anapirira kutukwana, anapirira masanzi, anapirira atsikana osavala, akudikira nkhope ya mwana wawo. Filimu ili pafupi kutha, munthu wina anathamanga mbulanda kulowera kudziwe, mayi aja n'kuimirira m'holo muja.

"Ndi ameneyo! Ndi Vernon wanga! Chipsera icho anakhalira mbaula ali wamng'ono!"

Mayi Consuelo anaseka mpaka kukhala pansi. Atakweza mutu anaona kuti a Vernon sakuseka.

"Pafoni anangondiuza mawu amodzi," anatero a Vernon. "Anati, mwananga, ndinakubala ndi nkhope yabwino. Idzaonekeko kamodzi ndisanafe. Anamwalira isanaoneke. Koma idzaoneka, mayi Consuelo, ngakhale kamphindi kamodzi. Sindingafe ndili msana."

Chimenechi ndicho ankafuna pamoyo wawo wonse. Kuyambira tsiku limenelo mayi Consuelo anayamba kuchifuna nawo, mwina kuposa eni ake.

Anayesa kuyamba ndi zazing'ono. Pakhoma lawo panali zithunzi za ochita mafilimu onse amene anadyapo m'menemo, ngakhale amene anangoonekapo atanyamula thireyi. Anauza a Vernon kuti abweretse chawo. M'mawa mwake kunabwera envulopu yaikulu. Mayi Consuelo anaitsegula, n'kuitsekanso msangamsanga.

"A Vernon, muno anthu amadya."

"Ndasayina bwinobwino, taonani mbali yakumanzereyi."

"Ndati nkhope!"

"Nkhope ayi. Nkhope ndikuisunga. Madayilekita a mafilimu amafuna nkhope yatsopano, imene munthu sanaionepo. Ndikayamba kuimwaza m'makoma a malesitilanti, tsiku langa likadzafika idzakhala itatha kale ngati nsapato."

Ndipo sankanena zocheza. Paukwati, pa Khirisimasi, paubatizo wa mdzukulu wa mayi Consuelo, munthu akangokweza kamera, a Vernon anali atatembenuka kale.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," ankatero.

"Nkhono yanuyo idzafa ndi ukalamba isanatulutse masowo," ankayankha mayi Consuelo, uku akuwawonjezera panikeke imene sanaitanitse.

Zaka zinapita, ndipo zimene dzuwa la padenga linkakonza, ukalamba unayamba kugwetsa. Kunabwera tianyamata tonyamula zitsulo, tolimba paliponse, tovomera kuvula pamtengo uliwonse. Foni ya a Vernon inasiya kulira. Ankabwerabe m'mawa uliwonse atapesa bwino, kudya ataimirira, ati mwina lero andiitana mwadzidzidzi. Kenako mayi Consuelo anaona kuti lamba uja wabooledwa chibowo china, kenako chinanso. Panikeke inayamba kubwerera kukhitchini itangolumidwa kamodzi. Atawapanikiza, a Vernon anavomera kuti madokotala apeza khansa m'chiwindi, ndipo anawauza kuti asaguliretu kalendala ya chaka chamawa. Anazinena akuseka. Mayi Consuelo analowa m'chipinda chosungiramo mbatata ndi anyezi, n'kulira atatseka pakamwa ndi epuloni. Munthuyu ankamukonda. Sanamuuzepo, ndipo matenda akewo analibe nawo chochita. Chimene akanatha chinali chimodzi chokha.

Panali mnyamata wina dzina lake Neil Sarkis amene ankadya m'menemo Lachiwiri lililonse. Anali dayilekita wongoyamba kumene, wokulira pa mafilimu omwewo, ndipo anali atapatsidwa kuti ajambule yakeyake ya bandi yowononga hotela. Lachiwiri lotsatira anakhala pampando wake n'kudikira. Anthu obwera pambuyo pake anadya n'kupita. Iye ngakhale madzi sanawaone.

"Mayi Consuelo, mwandiiwala kodi?"

"Sindinakuiwale, mwanawe. Khitchini yatseka kwa iwe wekha."

"Ndalakwanji?"

"Sunalakwe. Ukufuna mazira? Ndipatse malo a a Vernon m'filimu yakoyo."

Neil anakanda m'mutu. "Madala aja ndimawalemekeza, mayi. Ndinakula ndikuwaona, ndiye kuti, mukundimvetsa. Koma pamsinkhu wawowu, kumbuyo kuja..."

"Ndani wanena za kumbuyo? Nkhope. Ayang'ane kamera, alankhule, anthu awaone. Masiku awo ndi owerengeka, Neil. Ukakana, ndiimbira mayi ako ndiwauze zimene umajambula."

Mnyamatayo anavomera mazira asanapse. Anati pali malo a manijala wa hotela. Phwando likafika poipa, manijala amatsegula chitseko, kamera n'kubwera pankhope pake penipeni, iye n'kufunsa kuti, "Ndani walowetsa bulu m'chipinda muno?" Basi, mawu ake ndi omwewo.

A Vernon atamva anakhala pansi, pampando wolimba, osaganizira n'komwe za mizere.

Masabata otsatirawo lesitilanti inasanduka sukulu. Apa ndi pamene tinazindikira vuto. Msana wa a Vernon unkadziwa kuchita chilichonse. Unkaonetsa mantha, unkaonetsa kuledzera, unkaonetsa ngakhale chisoni. Koma nkhope, poti inasungidwa nthawi yaitali, sinkadziwa ntchito. Akati akwiye, ankaoneka ngati akufuna kuyetsemula. Akati adabwe, ankaoneka ngati ameza fupa. Woyendetsa lole aliyense wolowa kudzamwa khofi ankalandiridwa ndi funso la bulu.

"Ndani walowetsa bulu m'chipinda muno?"

"Akulu, ine ndangobwera kudzadya."

"Nsidze, a Vernon, kwezani nsidze!" ankakuwa mayi Consuelo ali kukhitchini. "Mukufunsa ngati buluyo ndi wanu ndipo mwamusowa!"

Tsiku lojambula mayi Consuelo anatseka lesitilanti, chinthu chimene sanachitepo chimwalirireni amuna awo, n'kuwatenga a Vernon pagalimoto kupita ku hotela ina yakale ya mumsewu waukulu. Anapeza chipinda chakonzedwa kale: mabotolo mbwee pansi, matiresi atang'ambidwa, gitala itabayidwa m'wailesi yakanema, atsikana atafunda matawulo akuwerenga mabuku a kukoleji podikira, ndi bulu pakati akutafuna katani. A Vernon anawaveka suti yakuda ndi tayi. Mtsikana wodzola anthu anawaitana kuti abwere awakonze. Iwo anafika, n'kutembenuka, n'kuyamba kumasula lamba.

"Ayi ayi, agogo! Khalani pampando. Ndi nkhope lero."

A Vernon anakhala. Mtsikanayo atayamba kuwapaka ufa pamphumi ndi m'masaya, anatsinzina, ndipo misozi inatsika n'kulemba mizere muufamo, moti anachita kuyambiranso.

"Pepani, mwanawe," anatero. "Kunoku sanandipakepo."

Anawaimika kuseri kwa chitseko. Magetsi anayaka, nyimbo zinagunda, oledzera abodza anayamba kukuwa. Mayi Consuelo anaima kumbuyo kwa kamera atakumbatira chikwama chawo. Neil anakweza dzanja.

"Ekishoni!"

Chitseko chinatseguka, ndipo zimene zinachitika palibe anaziyembekeza, ngakhale a Vernon eni ake. Kwa zaka zonse zija, mawu amenewo ankatanthauza chinthu chimodzi, ndipo thupi linamva mutu usanamve. Anatembenuka, thalauza linagwa, ndipo manijala wa hotela, atavala jekete ndi tayi kumtunda, anathamanga kolido yonse n'kukadziponya m'dziwe. Phava!

Anthu anaseka mpaka wogwira kamera anagwa pampando. Neil ankamenya khoma ndi chibakera, misozi ili chuchuchu. A Vernon anatuluka m'madzi akunjenjemera, maso ali pa mayi Consuelo.

"Sindinafune, mayi. Miyendo yangopita yokha."

Anawaumitsa, anawaveka suti ina. Ulendo wachiwiri anagwira lamba ndi manja onse awiri, lamba sanamasuke, koma mapazi anatembenuka okha ndipo kamera inajambula msana wa jekete. Ulendo wina mayi Consuelo anagwada kuseri kwa chitseko n'kuwagwira akakolo. A Vernon anayang'anadi kamera, koma magetsi aja, amene moyo wawo wonse ankawawotcha kumsana, tsopano anawalasa m'maso. Anatsinzina, ndipo bulu ndi amene analira m'malo mwawo.

"Wokwatira kwa mphezi saopa kung'anima, a Vernon!" anatero mayi Consuelo ali chigwadire. "Tsegulani maso!"

"Mphezi yake ndinkaikwatira chakumbuyo, mayi."

Neil anayang'ana wotchi. "Mayi, dzuwa likupita, ndipo mwini bulu akufuna bulu wake. Yoyamba ija ndi golide weniweni. Titenge imeneyo."

"Unandilonjeza nkhope."

"Ndikudziwa, koma..."

"Unalonjeza ukutafuna mazira anga. Kamodzi kokha."

Mayi Consuelo anadzuka n'kukaima pambali penipeni pa kamera. "A Vernon, musayang'ane chigalasicho. Yang'anani ine. Ndifunseni ineyo, ngati mmene mumandifunsira kuti mkaka wanu uli kuti." Ndipo anauza Neil kuti asanene mawu ake aja, angogwedeza mutu. Chitseko chinatseguka. A Vernon anaima, anayang'ana mayi Consuelo, nsidze zinakwera zokha, n'kufunsa mwaulemu wa munthu wotopa ndi dziko:

"Ndani walowetsa bulu m'chipinda muno?"

Zinatheka. Anthu onse anaomba m'manja, ngakhale atsikana a matawulo aja. Pobwerera a Vernon anagona tulo m'galimoto, ufa udakali kumaso, atakana kuusamba.

Filimu inatenga miyezi kuti ituluke, ndipo ife tinaona ndi maso athu munthu akukana kufa. Madokotala ankadabwa. A Vernon anatha thupi mpaka jekete linkawalendewera, anasiya kwaya, anasiya kukwera padenga, koma m'mawa uliwonse ankafunsa kuti kodi yatuluka. Itatuluka, tinapita tonse Loweruka masana, oyendetsa malole, a kwaya, wometa tsitsi wa pafupi, mayi Consuelo akuwakankha a Vernon pa njinga ya olumala. A Vernon anavala tayi. Anakana mbuliwuli, ati angatsamwe pamalo pake penipeni.

Tinapirira filimu yonse monga anapirira amayi a ku Toledo aja. Kenako bulu anaoneka. Mayi Consuelo anagwira dzanja la a Vernon. Chitseko chinatseguka, koma kamera inali kale kumbuyo. Tinaona jekete, tinaona thalauza likugwa, tinaona nkhalamba ikuthamanga kolido yonse, phava m'dziwe. Funso la bulu analipereka kwa mtsikana wokonza m'zipinda. Nkhope ya a Vernon munalibe, ngakhale khutu.

Holo yonse inaphulika. Anyamata a kusekondale ankagubuduka m'mipando, wina kumbuyo anakuwa kuti abwezenso. Mzere wathu wokha ndi umene unali zii. A Vernon anamvetsera phokoso lonselo, kenako anaweramira kwa mayi Consuelo.

"Mwamva? Adakagwirabe ntchito."

Anaseka, ifenso tinaseka nawo kuti tiwathandize. Koma pobwerera, galimoto inaima pa maloboti a pafupi ndi kwawo. Pamenepo a Vernon anafunsa, osayang'ana kumbali:

"Mayi Consuelo, kodi nkhope yangayi ili ndi vuto lanji?"

"Ilibe vuto."

Mayi Consuelo anali ndi zambiri zoti anene. Akanati ndi nkhope imene ndimaidikira m'mawa uliwonse ndikamatsegula chitseko. Koma maloboti anasintha, wa kumbuyo analiza hutala, mayi Consuelo n'kuyendetsa galimoto.

Lolemba anapita kukamusaka Neil mpaka anamupeza ku ofesi. Mnyamatayo anaimirira atagwira mutu.

"Mayi, ndinamenya nkhondo, ndikulumbira. Akuluakulu anaonetsa anthu zonse ziwiri kuti aone imene iseketse kwambiri. Ya nkhope anthu anangomwetulira. Ya dziwe anagwa pansi. Ine ndine ndani?"

"Chabwino. Ndipatse kachidutswa kamene munadulako. Ndikawaonetse pakhoma kunyumba, aone okha basi."

Neil anaimba mafoni mayi Consuelo ali pomwepo. Uyu anati funsani uje, uje anati zili kosungira katundu, a kosungira katundu anati zodulidwa za mafilimu ang'onoang'ono sasunga, zinapita ndi lole ya zinyalala mwezi watha. Mayi Consuelo, amene pakamwa pawo pankaopedwa ndi apolisi omwe, anasowa mtengo wogwira. Panalibe womukalipira. Anatuluka osatsanzika.

A Vernon anatsamira mkono patangopita milungu yochepa, m'mawa, namwino akutsegula makatani.

Okonza maliro anapempha chithunzi choti aike pakhomo la tchalitchi. Tinasonkhanitsa zonse zimene tinali nazo, za maukwati, za Khirisimasi, za paubatizo, n'kuziyala patebulo. Chilichonse chinali ndi anthu akumwetulira, ndi msana umodzi pakati pawo. Cha pa layisensi yoyendetsera galimoto anali atafufumitsa masaya dala ndi kupotoza pakamwa, ati boma lisadye nkhope yeniyeni. Pakhomo la tchalitchi tinangoikapo maluwa.

Bokosi linali lotsegula, ndipo anthu a mafilimu anabwera ambiri ndithu. Rex Halvorsen anafika mochedwa, atavala magalasi akuda, tsitsi lopaka utoto. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pabokosi, anachotsa magalasi, anayang'ana nthawi yaitali, kenako ananong'oneza mayi Consuelo.

"Pepani mayi, maliro a Vernon Kubiak ndi ano?"

"Ndi ano."

"Ndiye uyu ndi iyeyo? Ha! Anali wooneka bwino chonchi?"

"Anali wooneka bwino chonchi," anatero mayi Consuelo. "Zaka zonsezi."

Wogwira kamera wina wokalamba anati mwina tikanamugoneka chafufumimba kuti anzake amutsanzike bwino. Tinaseka m'tchalitchi momwemo, abusa omwe, ndipo kuseka kuja kunathera m'kulira. Potseka bokosi mayi Consuelo anapempha kuti adikire pang'ono. Anaima pamenepo akuyang'ana mphumi, nsidze, kachibowo ka pachibwano, ngati mwana woloweza za mayeso. Kenako anthu aja anati nthawi yatha, n'kutseka.

Van Nuys adakalipo. Ndege zing'onozing'ono zimaterabe, kwaya imaimbabe ngakhale besi yake ndi yopyapyala. Mlendo akalowa mu lesitilanti amadya mazira ake mwamtendere n'kutuluka, popanda womufunsa ngati amaonera mafilimu, ndipo ife okhala pamipando yathu yakale timamumvera chisoni osadziwa chifukwa chake. Mafilimu otere akupangidwabe, koma amati masiku ano kumbuyo amakonza ndi kompyuta. Palibenso amene amadya ataimirira.

Chimene chikuwasautsa mayi Consuelo n'chakuti nkhope ija yayamba kuwathawa. Mawu akuwakumbuka, kayendedwe akukakumbuka, koma akatsinzina kuti aone maso, amabwera osamveka bwino, lero otere, mawa ena. Anauza mwana wawo wamkazi kuti zikuwaopsa kuposa imfa yeniyeniyo. Ndiye anapita kusitolo yobwereketsa matepi imene inkatseka, n'kugula mafilimu onse aja, amene kale ankati ndi zonyansa zosayenera kulowa m'nyumba ya munthu wopemphera.

Masana, anthu a nkhomaliro akatha, amatembenuza chikwangwani cha pachitseko, n'kuika tepi m'kawailesi kakanema ka pamwamba pa firiji. Amathamangitsa malo a mowa, a masanzi ndi a atsikana, mpaka afike pa kolido. Chitseko chimatseguka, munthu wa wigi amatuluka ali mbulanda, wamphamvu, wowala ndi dzuwa la padenga, akuthamanga kuwasiya. Mayi Consuelo amayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"Cheukani, a Vernon," amatero. "Mulibe munthu muno, ndili ndekha. Cheukani kamodzi kokha."

A Vernon amafika kumapeto kwa kolido, n'kudumphira m'madzi.